TB Imadwalitsanso Maganizo

Achinyamata anzathu, ife alangizi a zaumoyo tikamayendera odwala TB timawerenga mapilisi n'kulemba m'kaundula. Koma ndi kangati timawafunsa zomwe zili mumtima mwawo?

Akafukufuku amene amakhala pansi n'kumvetsera odwala akufotokoza okha, amamva madandaulo ofanana: kuopa imfa, manyazi ndi kusalidwa. Anthu amati aliyense wodwala TB ali ndi kachirombo ka HIV, zomwe si zoona. Ena amapatsidwa mbale yawoyawo, chonsecho TB imafala kudzera mumpweya.

Mankhwala a TB amamwedwa tsiku lililonse kwa miyezi 6. Munthu akataya mtima amawasiyira panjira, ndipo matendawa amatha kubwerera osamvanso mankhwala.

Nkhawa imabanikitsa, kubanikako kumawonjezera nkhawa. Tiyeni tiwaphunzitse kukhala phee, kukoka mpweya pang'onopang'ono ndi mphuno n'kuutulutsa pakamwa, maganizo onse ali pa kupumako. Izi sizichiza TB, koma zimakhazika mtima pansi.

Sabata ino kalabu iliyonse iyendere wodwala mmodzi. Tikachezere panja podutsa mphepo. Tikamufunse mmene akumvera, kenaka tikakhale chete n'kumumvetsera.