Masamba a Maliro Timawalemekeza, Nanga Bwanji Zikwangwani?

M'dziko mwathu muno, munthu akamayenda n'kupeza nthambi za masamba aawisi zitaikidwa pa msewu, safuna womumasulira. Aliyense amadziwa kuti pamudzipo pagwa zovuta. Wapanjinga amatsika n'kuyamba kuikankha, abambo amavula chipewa, ndipo ngakhale dalaivala wa minibasi uja waliwiro amaponda buleki ndi kuchepetsa wailesi. Chizindikiro chimenechi sitidachiphunzire m'kalasi, komabe tonse timachimvera. Tsono pafupi pomwepo pamakhala chikwangwani chosonyeza ana akuwoloka msewu, koma anthu omwe aja amachidutsa ngati akudutsa chitsa. Ine ndikuona kuti apa zinthu zatembenuka. Timalemekeza chizindikiro chotiuza kuti munthu wafa kale, pamene chizindikiro chimene chidaikidwa kuti munthu asafe timachinyoza.

Maganizo anga ndi akuti kudziwa zizindikiro za pamsewu ndi udindo wa mkhristu aliyense, kaya ali ndi galimoto kaya alibe, ndipo phunziro limeneli liyenera kupatsidwa malo kuno ku seminale, m'maparishi ndi m'mabanja mwathu. Ambiri timaganiza kuti zikwangwani adaikira madalaivala okha. Koma lipoti la bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, limene lidatuluka mu 2023, lidati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse, ndipo oposa theka la iwo ndi oyenda pansi, okwera njinga zakapalasa ndi okwera njinga zamoto. Lidatinso ngozi za pamsewu ndizo zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka zapakati pa 5 ndi 29. Anzanga, msinkhu umenewu ndi wathu.

Chinenero cha pamsewu si chovuta monga Chilatini chimene chimatitulutsa thukuta. Mu 1968 maiko ambiri adapangana ku Vienna kuti zikwangwani zawo zizifanana, ndipo maiko a m'bungwe la SADC, m'mene Malawi ali membala, nawonso adagwirizana chimodzimodzi. Nzeru yake idali yakuti munthu azimva uthenga poona kaumbidwe ndi mtundu wa chikwangwani, ngakhale asanawerenge chilembo chilichonse. Choncho dalaivala wa lole wochokera ku Beira, amene amalankhula Chipwitikizi, ndi agogo athu amene sadapite ku sukulu, onse angathe kumva uthenga umodzi.

Chikwangwani cha ngodya zitatu, chofiira m'mphepete, ndi chenjezo. Chimatiuza zimene maso athu sadafike poziona: kutsogoloku kuli kokhota, kuli mlatho wopapatiza, kuli mtsetse, kumawoloka ng'ombe, kuli sukulu. Chikwangwani chozungulira ndi lamulo. Chikakhala chofiira m'mphepete chikuletsa, monga kupitirira galimoto inzake, kukhotera mbali ina, kapena kupyola liwiro la nambala yolembedwa pakatipo. Chikakhala chabuluu chikulamula chimene uyenera kuchita, monga kudzera mbali imene muvi waloza. Zikwangwani za ngodya zinayi zimapereka malangizo, monga dzina la malo, mtunda umene watsala, ndi kumene kuli chipatala. Ndipo chikwangwani chikakhala chachikasu m'kati, ndiye kuti ndi chongoyembekezera, mwina chifukwa msewu ukukonzedwa, ndipo pafupipo pali anthu akugwira ntchito.

Pali ziwiri zimene zidaumbidwa mosiyana ndi zinzake zonse. Choyamba ndi chofiira chija cha mbali 8 cholembedwa STOP. Chachiwiri ndi cha ngodya zitatu chozondoka, chimene chimauza munthu kuti apatse mpata amene ali mu msewu waukulu. Adazipanga choncho dala, kuti munthu azizizindikira ngakhale utoto utasuluka kapena zitadetsedwa ndi fumbi, ndiponso kuti amene akuzionera kumbuyo adziwe kuti mnzake uja ndiye woyenera kuima. Kusiyana kwake n'kofunika. Pa chozondoka ungathe kupitirira ngati msewu uli woyera, koma pa STOP mateyala ayenera kuima ndithu, ngakhale pakati pa usiku popanda wapolisi wokuona.

Msewu weniweniwo nawonso umalankhula. Mzere woyera wodukizadukiza pakati pa tala umalola kupitirira galimoto ina ngati kutsogolo kuli bwino. Mzere woyera wosadukiza umaletsa, ndipo kawirikawiri umapezeka pokhota ndi pachitunda, pamene munthu sangaone chimene chikubwera. Mizere yonga ya mbidzi ndi powolokera anthu oyenda pansi. Pa maloboti, nyali yachikasu imauza dalaivala kuti aime, ngakhale ambiri adaimasulira mwaokha kuti aponde mafuta yofiira isanayake. Ndipo popeza kwathu kuno galimoto zimayenda kumanzere, woyenda pansi ayenera kuyenda kumanja, kuti aziona galimoto imene ikubwera kutsogolo kwake. Ndi angati mwa ife amene timakumbukira zimenezi tikamapita kunyumba pa tchuthi?

Ena amaona ngati nambala ya pa chikwangwani cha liwiro adangoilota munthu wina mu ofesi. Tiyeni tigwiritse ntchito masamu athu a m'kalasi. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imayenda mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi. Yothamanga makilomita 100 imayenda mamita pafupifupi 28, kutanthauza kuti pa masekondi anayi okha yamaliza utali wa bwalo lathu la mpira. Dalaivala akaona mwana, pamapita sekondi kapena kupitirira phazi lisanafike pa buleki, ndipo nthawi yonseyi galimoto ikuyendabe. Kuwonjezera apo, aphunzitsi a sayansi amatiuza kuti liwiro likawirikiza kawiri, mtunda wofunika kuti mabuleki aimitse galimoto umawirikiza kanayi. Ndiye chikwangwani cholembedwa 50 polowa pa malo a malonda onga Lizulu, pamene msika wagundana ndi msewu wa M1, chili ndi chifukwa chake. Chimodzimodzi zikwangwani zochenjeza za mtsetse ndi makona pa zitunda za Chiweta kapena potsikira ku Chikwawa. Amene adaziika adayeza malowo, ndipo mawu a akulu amakoma akagonera.

Mwina wina afunsa kuti nkhani imeneyi ikufunanji m'magazini ya seminale. Ife timaphunzitsidwa tsiku ndi tsiku kuwerenga zizindikiro. Timadziwa chifukwa chake wansembe amavala chofiirira pa nyengo ya Lenti, ndipo tikaona kanyali kakuyaka pafupi ndi tabernakulo timagwada popanda wotiuza. Tidaphunzira kuti chinthu chooneka chingathe kunyamula uthenga waukulu wosaoneka. Kodi n'zomveka kuti munthu wozolowera zimenezi alephere kumva chikwangwani chimene chikumuuza za moyo wa mnzake?

Eklezia sadakhale chete pa nkhaniyi. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, amene adatuluka mu 1992, pofotokoza lamulo lachisanu la Mulungu, pa nambala 2290, amaphunzitsa kuti munthu amene aika pa chiswe moyo wake ndi wa anzake pa msewu chifukwa cha kuledzera kapena kukonda liwiro, ali ndi mlandu waukulu. Mu 2007 nthambi ya ku Vatican yoona za anthu osamuka ndi apaulendo idatulutsa chikalata cha utumiki wa pamsewu, momwe mudali malamulo khumi a woyendetsa galimoto. Zikutanthauza kuti kupitirira galimoto pa mzere wosadukiza utanyamula anthu ndi nkhani yoyenera kuikumbukira poyesa mtima wako usanapite kokalapa. Nanga ndi akhristu angati amene amaganiza choncho? Kolona wolendewera pa galasi ndi chithunzi cha Kristofa Woyera, nkhoswe ya apaulendo, ndi zinthu zabwino, koma si zithumwa. Wansembe akadalitsa galimoto ndi madzi odalitsa, sadafafanize malamulo a pamsewu.

Msewu susankha. Mu Januwale 2015 Eklezia wa m'Malawi adalira Ambuye Joseph Mukasa Zuza, Episkopi wa Mzuzu, amene adamwalira atachita ngozi ya galimoto. Ngati msewu udatilanda mbusa wotero, ndani mwa ife anganene kuti nkhaniyi siimukhudza? Amene Mulungu adzatilole kufika pa unsembe tidzakhala pa msewu kwambiri, kuthamangira Misa ku matchalitchi a kumidzi ndi kukadzoza odwala usiku, nthawi zina pa njinga yamoto, nthawi zina titanyamula kwaya kapena ana otumikira ku guwa. Makolo a anawo adzatipatsa chifukwa chokhulupirira kolala yathu.

Ndikudziwa zimene ena amayankha. Amati imfa ikafika yafika, tsoka silinunkha. N'zoona kuti ngozi zina zimagwa popanda wolakwa, monga teyala kuphulika kapena chiweto kudumphira mu msewu mwadzidzidzi. Koma Mulungu adatipatsa maso ndi nzeru, ndipo kunyoza chenjezo n'kumati Iye adzanditeteza ndiko kumuyesa. Tsoka lina limanunkha ndithu, ndipo chikwangwani ndicho fungo lake.

Ena amati vuto ndi boma, chifukwa misewu ina ndi yokumbika, mizere idafufutika, ndipo zikwangwani zambiri kulibe. Dandaulo limeneli ndi loona, ndipo akuluakulu oona za misewu ayenera kulimva. Koma tidzifunsenso kuti zikwangwani zina zidapita kuti. Zidazulidwa ndi anthu a m'midzi mwathu momwemu, n'kukasulidwa mbaula, ziwaya ndi makasu, ndipo ogula ake ndi ife tomwe. Munthu wozula chikwangwani cha pamlatho wopapatiza waba chitsulo, inde, koma wakumbanso mbuna imene mudzagwe mlendo wosadziwa njira, mwinanso m'bale wake yemwe. Palinso ena amene amapeza chiphaso choyendetsera galimoto podzera ku khomo lakumbuyo, osaphunzira. Chiphaso chotero chingathe kupusitsa wapolisi, koma sichingawerenge chikwangwani m'malo mwa mwini wake. Safunsa adadya phula, koma pa msewu phulalo amadyetsanso anthu osalakwa.

Tsono tichite chiyani? Kwa Bambo Rekitala ndi aphunzitsi athu, pempho langa ndi lakuti buku la malamulo a pamsewu lipezeke m'laibulale, ndipo kamodzi pa teremu aitanidwe apolisi a pamsewu kapena a nthambi ya boma yoona za chitetezo cha pamsewu kuti adzatiphunzitse. Mnyamata asamalize Fomu 4 asakudziwa kusiyanitsa chenjezo ndi lamulo.

Kwa inu ansembe athu, Lamulungu lachitatu la mwezi wa Novembala ndi tsiku limene bungwe la United Nations lidavomereza mu 2005 kuti dziko lonse lizikumbukira anthu ofa pa ngozi za pamsewu. Likugwa m'mwezi umene ife timapempherera kale mizimu ya omwalira. Ndi mwayi wabwino wolalikira za lamulo lachisanu, ndi kukumbutsa miphakati kuti iziteteza zikwangwani za m'dera lawo monga imatetezera mjigo. Anyamata ambiri a kabaza ndi akhristu athu, ndipo ena adayamba ntchitoyi osaphunzira chikwangwani ndi chimodzi chomwe. Parishi ingathe kuwasonkhanitsa Loweruka limodzi m'holo n'kuwaitanira wowaphunzitsa.

Kwa inu makolo athu okondedwa, mwana amene mwamuphunzitsa chizindikiro cha mtanda mungathenso kumuphunzitsa kuyang'ana kumanja, kumanzere, ndi kumanjanso asanawoloke. Mukakwera minibasi ndipo dalaivala akupitirira pa mzere wosadukiza, lankhulani. Ena adzakunenani kuti ndinu amantha, koma ndalama mwalipirazo ndi zoti mukafike amoyo.

Ndipo kwa ife aseminale, tchuthi chikubwerachi tisangogona m'basi. Tiyeni tiziwerenga zikwangwani za m'njira, chimene sitikuchidziwa tifunse, ndipo tikafika kunyumba tikaphunzitse azing'ono athu ndi ana a Tilitonse. Ndi ntchito yaing'ono yosafuna ndalama, koma mwina idzachititsa kuti mwana wina wa m'mudzi mwathu afike ku sukulu ndi kubwerako bwino.