Musanalowe m'phanga la kunyanja yamchere, yang'anani kaye wotchi

Pa tchuthi cha Khirisimasi ndinakacheza kwa achimwene anga amene amagwira ntchito ku Cape Town. Tsiku lina tinabwereka galimoto n'kuyenda maola pafupifupi atatu kulowera kum'mawa, mpaka kukamudzi ka asodzi kotchedwa Arniston, kufupi ndi tauni ya Bredasdorp. Malowa sali kutali ndi Cape Agulhas, kumene Africa amathera kum'mwera. Chimene chinatitengera kumeneko ndi phanga lalikulu limene nyanja inaboola m'thanthwe. Dzina lake ndi Waenhuiskrans, mawu a Chiafrikaans onena za nyumba yosungiramo ngolo, chifukwa anthu akale ankati ngolo ndi ng'ombe zake zomwe ikhoza kutembenukira m'katimo.

Tinafika cha m'ma 2 koloko masana. Njira yopita kuphangalo imadutsa pamiyala ya m'mphepete mwa madzi, ndiye tinapeza mafunde atayamba kale kunyambita miyalayo. Achimwene anati, "Iwe, ulendo wonsewu tibwerere chabe? Tingolowa, tijambule, tituluke. Mphindi zisanu basi." Ine ndinakana. Pafoni ndinali nditaona kuti madzi anaphwa cha m'ma 11 koloko m'mawa, kutanthauza kuti panali patadutsa maola atatu akukwera. Bambo wina wachikulire amene ankawedza chapafupi anatiuzanso zomwezo, kuti tibwere mawa. Tinagona komweko, ndalama ya mafuta n'kuthera pa malo ogona, ndipo achimwene sanandiyankhule bwino usiku umenewo.

Mpaka lero ndimati ndinachita bwino. Maganizo anga ndi akuti malo ngati amenewa ndi ofunika kukawaona, koma amene amanena nthawi yolowa ndi malo oima ndi nyanja. Mtima wako, ndalama imene wawononga, kapena chithunzi chimene ukufuna kuika pa Facebook zilibe mawu pamenepa. Zifukwa zake ndi Physics yomweyi imene mumakopera m'makope anu.

Tiyambe ndi nthawi. Ife a ku Malawi nyanja yathu imatipusitsa pang'ono. Ukasiya patapata pamchenga ku Senga Bay m'mawa, madzulo umakam'peza pomwepo, pokhapokha ngati kwaomba mwera kapena wina wam'tola. Madzi a Nyanja ya Malawi amakwera ndi kutsika potsata nyengo ya mvula, pang'onopang'ono m'miyezi. Nyanja yamchere siitero. Mwezi umakoka madzi ake ndi mphamvu ya gravity, dzuwa nalonso limathandizira, ndiye m'magombe ambiri madzi amadzaza kawiri ndi kuphwa kawiri pa tsiku. Pachingerezi amati tide. Kuchokera pa kuphwa kumodzi kufika pa kuphwa kotsatira pamadutsa maola 12 ndi mphindi pafupifupi 25, choncho tsiku lililonse nthawi yake imachedwa ndi mphindi pafupifupi 50. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala mumdima, iwo ndi dzuwa amakokera pamzere umodzi, ndipo madzi amaphwa kwambiri komanso kudzaza kwambiri kuposa masiku ena.

Tsono nachi chimene achimwene sankachidziwa. Madzi sakwera mofanana ola lililonse. Amalinyero ali ndi lamulo losavuta lowerengera: gawani kukwera konse m'zigawo 12. Ola loyamba madzi amakwera chigawo 1, lachiwiri zigawo 2, lachitatu 3, lachinayi 3, lachisanu 2, lomaliza 1. Tiyerekeze kuti tsiku limenelo madzi akwera mamita 1.8. Ola loyamba akwera masentimita 15 okha, moti munthu sungaone n'komwe kusintha. Koma ola lachitatu ndi lachinayi akwera masentimita 45 lililonse, theka la kukwera konse m'maola awiri basi. Ife tinafika pakati penipeni pa maola amenewo. Munthu amalowa madzi ali m'kakolo, amacheza, amajambula, pobwerera amapeza ali m'mawondo ndipo mafunde akum'kankhira kumiyala.

Wina anena kuti, "Aphunzitsi, madzi a m'mawondo angandichite chiyani ine wodziwa kusambira?" Tengani cholembera tiwerenge. Kyubiki mita imodzi ya madzi amchere imalemera makilogalamu pafupifupi 1,025. Amenewo ndi matumba 20 a chimanga a makilogalamu 50, n'kutsalako pang'ono. Ngati madzi amenewo akuyenda mamita 5 pa sekondi, kinetic energy yake, theka la mass kuchulukitsa ndi velocity kawiri, ndi majoule oposa 12,500. Mphamvu imeneyi ndi yofanana ndi ya thumba limodzi la chimanga logwa kuchokera mamita 25 m'mwamba. Ndipo funde limodzi limanyamula makyubiki mita ambirimbiri. Kudziwa kusambira kumathandiza pamadzi oyera. Pakati pa miyala yoterera ndi ndere, funde likakugwetsa limakumenyetsa pathanthwe usanatambasule n'komwe dzanja.

Mphamvu yomweyi ndi imene inapanga phangalo. Mawa lake tinabwerera cha m'ma 11:50, madzi ataphwanso, n'kulowera pakabowo kakang'ono kolowa mowerama. M'kati, abale, ndi mokongola. Denga lake ndi lalitali, ndipo kutsogolo kuli khomo lalikulu loyang'ana kunyanja, kumene kuwala kumalowera n'kumanyezimira pamiyala yonyowa. Funde lililonse likamenya, phokoso limazungulira m'phanga monse ngati ng'oma. Achimwene anangoti kukamwa yasa. Ine ndinkaona ntchito ya zinthu zitatu.

Choyamba ndi mpweya. Thanthwe lililonse limakhala ndi ming'alu. Funde likamenya, limatsekera mpweya m'mng'alu n'kuupanikiza. Mukukumbukira Boyle's law ya ku Fomu 3 kapena 4 ija? Volume ya mpweya ikachepa ndi theka, pressure imawirikiza kawiri, monga mmene mumamvera mukatseka kukamwa kwa pampu ya njinga ndi chala n'kukankha. Funde likabwerera, mpweya uja umafutukuka mwadzidzidzi. Panikiza, masula, panikiza, masula, kambirimbiri pa tsiku, kwa zaka masauzande. Mng'alu umakula mpaka chidutswa chimathothoka. Chachiwiri ndi mchenga ndi timiyala timene funde limanyamula n'kumakhula nato thanthwe ngati sandipepa. Chachitatu ndi Chemistry: miyala ya ku Arniston ndi ya laimu, ndipo madzi amvula osakanikirana ndi carbon dioxide amakhala ndi asidi wochepa amene amaisungunula pang'onopang'ono.

Mafunde sagawa mphamvu zawo mofanana pagombe lonse. Akafika posaya amachepetsa liwiro n'kupindika, refraction yomwe ija mumaionera ndi kuwala m'galasi, ndipo kupindikako kumawasonkhanitsira pamalo pamene mtunda watulukira m'nyanja. N'chifukwa chake mapanga ambiri amapezeka pansonga zoterozo. Mng'alu umasanduka phanga. Phanga likaboola mpaka mbali ina limasanduka ngati mlatho wa mwala. Denga la mlathowo likagwa pamatsala chipilala chokhachokha m'madzi, chimene nachonso chimadzagwa.

Apa m'pamene pali mtsutso wachiwiri umene ndimaumva kawirikawiri: "Thanthwe limeneli lakhala pano zaka masauzande, lingagwe lero chifukwa cha ine?" Zoona, mwayi woti ligwe pa ola limene iwe uli pomwepo ndi wochepa. Koma miyala imeneyi imagwadi, ndipo masiku ake ena ndi odziwika. Ku Australia, kufupi ndi Port Campbell, kunali thanthwe la milatho iwiri lotchedwa London Bridge, limene alendo ankayendapo. Pa 15 January 1990 mlatho wa kufupi ndi mtunda unagwa, n'kusiya alendo awiri pachigawo chotsalacho pakati pa madzi mpaka anawatenga ndi helikopita. Pagombe lomwelo, chimodzi mwa zipilala zotchuka za Twelve Apostles chinagwa mu July 2005. Ku Malta, pachilumba cha Gozo, mlatho wa mwala wotchedwa Azure Window, umene unaoneka m'mafilimu ndi m'zithunzi zosawerengeka, unagwera m'nyanja pa 8 March 2017 kukuomba mkuntho. Kudyeka kwake kumatenga zaka, koma kugwa kwake ndi masekondi.

Choopsa cha phompho la kunyanja n'chakuti limadyeka kunsi, kumene woima pamwamba saona. Amene munakulira kufupi ndi mtsinje mukudziwa mmene gombe limachitira nthawi ya dzinja: pamwamba pali udzu wobiriwira bwinobwino, pansi madzi anakumba kale, ukapondapo limagumuka. Mu Physics timati gawo lolendeweralo lili ndi moment, force kuchulukitsa ndi mtunda kuchokera pamene lagwirira. Ukamasendera kunsonga umawonjezera zonse ziwiri, kulemera ndi mtunda. Ndipo phompho silichita kufuna kutalika kwambiri. Wogwa kuchokera mamita 20 amafika pansi m'masekondi awiri, akuthamanga mamita 20 pa sekondi, omwe ndi makilomita 72 pa ola. Chimodzimodzi kugundidwa ndi minibasi pamsewu wa M1. Ndiye chikwangwani chikati musapitirire apa, kapena mukaona chingwe, dziwani kuti pansi pa mapazi anu pakhoza kukhala popanda kanthu.

Ena mwina mukuti nkhani imeneyi siikutikhudza, kwathu kuno kulibe nyanja yamchere. Koma taonani m'kalasi mwanu. Ndi angati ali ndi achibale ku Joni, ku Cape Town kapena ku Durban? Ndi angati adzapita ku Dar es Salaam kukatenga katundu, kapena kukagwira ntchito ku Nacala ndi ku Beira? Ku Beira, pa masiku a mwezi wathunthu, madzi amakwera ndi kutsika mamita oposa 5, kutalika koposa denga la kalasi yanu. Mwana wakomweko amazidziwa zimenezi asanayambe sukulu. Amene ali pangozi ndi mlendo, makamaka mlendo wochokera dziko ngati lathu, amene amaganiza kuti nyanja zonse zimakhala ngati ya ku Mangochi. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Musandimve molakwa, sindikukuuzani kuti muziopa n'kukhala pakhomo. Pali akuluakulu ena amene yankho lawo pa chilichonse ndi "osapitako". Ine sindigwirizana nawo. Ola limodzi m'phanga lija linandiphunzitsa za mafunde, echo ndi pressure kuposa mmene ndinazimvera m'kalasi ndili kukoleji. Mwayi ukapezeka, pitani. Kungoti musananyamuke fufuzani tebulo la nthawi za tide la malo amenewo, limapezeka pa intaneti ndipo asodzi akomweko amalidziwa pamtima. Fikani madzi akadali kuphwa, kutatsala ola limodzi kuti afike pansi penipeni, kuti nthawi ikhale mbali yanu. Valani nsapato zogwira pamwala, osati patapata. Musapatse nyanja msana, chifukwa mafunde sakhala ofanana, pakapita ang'onoang'ono angapo pamabwera lalikulu. Musakhale pansi pa thanthwe pamene mukuona miyala yongogwa kumene. Ndipo wina aliyense kumtunda adziwe kumene mwapita ndi nthawi imene mubwerere.

Dzina la mudziwo nalonso lili ndi phunziro la wotchi. Arniston inali sitima ya ku Britain imene inkachokera ku Ceylon, komwe lero ndi Sri Lanka, itanyamula asilikali ovulala, amayi ndi ana. Inalibe chronometer, wotchi yolondola imene amalinyero ankagwiritsa ntchito podziwa kuti ali kum'mawa kapena kumadzulo motani. Dziko limazungulira madigiri 15 pa ola, choncho ukafananiza nthawi ya pamene uli ndi nthawi ya kumene unachokera umadziwa longitude yako. Popanda wotchiyo, woyendetsa sitimayo anaganiza kuti wadutsa kale Cape Point, n'kukhotera kumpoto, osadziwa kuti kutsogolo kwake kuli mtunda. Pa 30 May 1815 sitimayo inasweka pagombe limeneli. Anthu 372 anafa, opulumuka anali 6 okha.

Titatuluka m'phanga muja tinakhala pamchenga kudya buledi ndi nsomba, n'kumaonerera madzi akubwerera. Pofika cha m'ma 3 koloko, miyala imene tinapondapo ija sinkaonekanso. Achimwene anayang'ana kwa kanthawi, kenako anati, "Aphunzitsi, dzulo tikanalowa muja bwenzi tikunena zina." Ndalama ya malo ogona ija sanaitchulenso.

Nayi ntchito yoti muyese ndi anzanu. Pagombe lina madzi aphwa Lolemba nthawi ya 9:20 m'mawa, ndipo tsiku lililonse amakwera mamita 2.4. Kodi Lachinayi m'mawa adzaphwa nthawi yanji? Nanga gulu la ophunzira likafika Lachinayi lomwelo 3 koloko masana, lidzapeza madzi atakwera pafupifupi masentimita angati? Mukapeza yankho, ganizirani zimene mungauze aphunzitsi amene akutsogolera ulendowo.