Fisi amene timamuitana tokha

"Gona msanga, fisi akubwera!" Ndi mmene amayi ambiri amagonekera mwana wovuta, ndipo zimathekadi, mwana amangoti zii. Koma pakati pa usiku akadzidzimuka n'kumalira kuti pakhomo paima chinthu, timadabwa ngati fisiyo sitinamuitane ndife.

Pa mantha a usikuwa makolo samvana. Ena amati mwana asamanyengereredwe, ndipo mfundo yawo si yopepuka. Kale mnyamata akasinkhuka ankapita kugowelo, mtsikana kwa agogo, n'kuzolowera mdima. Mwana amene amathawira pamphasa ya makolo nthawi iliyonse kadzidzi akalira amatsimikiza kuti kunjako kulidi zoopsa, poti ngakhale akuluakulu avomera kumubisa.

Chimene amaiwala n'chakuti kugowelo kunalibe wogona yekha. Ankakhala ana angapo, wamkulupo ali pambali. Lero m'tauni timatsekera mwana wa zaka 4 m'chipinda chayekha, magetsi n'kuthima, ife n'kumati tikumulimbitsa mtima.

Enanso amati mwana akaopa ingomutengani. Pakati pa zaka 3 ndi 6 mwana sasiyanitsa bwino zam'mutu ndi zenizeni. Chitenje chopachika pamsomali, kwa iye, ndi munthu. Kumukalipira sikumuchotsa munthuyo. Mwana amangophunzira kuopa chamumtima. Kumudzi, kumene chimbudzi chili kuseri kwa nyumba, ana ena amalolera kunyowetsa mphasa kusiyana n'kutuluka, m'mawa n'kulandira mkwapulo pa mlandu wa mantha. Komabe kumutenga tsiku ndi tsiku kuli ndi pake poipira: zaka zimapita, mwana osayesako kugona popanda mkono wa amayi.

Ine ndatsamira kwa achiwiriwa, koma ndimati kholo lipite kwa mwana, osati mwana asamukire kwa kholo. Khalani pamphasa pakepo, mum'patse tochi aunike yekha, mukachikhudze limodzi chitenjecho. Mawa mukhale chapakhomo, mkuja panja akumva mawu anu. Nyali ya sola ingasiyidwe yoyaka, koma kandulo kapena koloboyi pafupi ndi neti ya udzudzu ayi, moto suchedwa.

Chovuta kwambiri ndi pakamwa pathu. Mu 2017, mphekesera za anamapopa zitagwira Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, akuluakulu ankachezera kulondera, ana akumva zonse. Mwana wotere mungamuuze bwanji kuti mumdima mulibe kanthu? Ngakhale popanda mphekesera, nkhani za afiti ndi maliro timazikamba pa nsima ya madzulo, tikuyesa ana ali kutali ndi zathu.

Nthano nazo, poti mwambo umati n'za usiku, sitingazisamutsire masana. Koma agogo angathe kusankha: za zimphona zodya anthu azisungire a kugowelo, wamng'onoyu agone ndi Kalulu atapusitsa Njovu.