TSOGOLO LA ANA ATHU: Mlonda wa Mitsempha m'Chipinda cha Opaleshoni

Pano timakambirana za ntchito zimene mwana angaziganizire akamaliza Fomu 4. Ambiri a ife tikamva za chipatala timangoganiza za udokotala ndi unamwino basi. Ulendo uno tikambe za ntchito ina yodziwika ndi anthu ochepa, imene pa Chingerezi amati intraoperative neurophysiological monitoring. M'chinenero chathu tinganene kuti ndi ulonda wa ubongo, msana ndi mitsempha ya mauthenga pa nthawi ya opaleshoni.

Tiyambire kwa abale athu a ku Chambe m'boma la Mulanje. Phiri la Chambe lili ndi thanthwe lowongoka kumadzulo kwake, lotalika pafupifupi mamita 1,700. M'munsi mwa thanthwelo anthu amadziwa bwino zimene kugwa kumachita. Anyamata amanyamulira alendo katundu kuchokera ku Likhubula, amayi amatsika ndi mitolo ya nkhuni m'njira zoterera, ndipo pamsewu njinga zamoto za kabaza zili piringupiringu. Munthu akathyoka khosi kapena msana, ulendo wake umayambira pa chipatala chaching'ono cha Chambe, n'kupita ku chipatala cha boma cha Mulanje, kenaka ku Gulupu, kutanthauza Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre. Ife a kunyanja ulendo wotere tikuudziwanso, kaamba ka ngozi za pamsewu, kugwa m'mitengo ya mango ndiponso TB ya msana. Funso limene abale amafunsa pakhomo la fiyeta ndi limodzi: kodi m'bale wathuyu adzayendanso?

Funsoli ndi lolemera chifukwa munthu wogonetsedwa ndi mankhwala satha kunena kuti mwendo wachita dzanzi. Dokotala akamawongola msana wokhota, kapena akamachotsa chotupa pafupi ndi ubongo, amagwira ntchito pafupi zedi ndi mtsempha waukulu wa mumsana. Mtsempha umenewu ukapanikizika kapena kusowa magazi kwa nthawi yaitali, miyendo ikhoza kufa mpaka kale. Koma vutolo likadziwika msanga, dokotala amatha kumasula chitsulo chimene wamanga, wogonetsa n'kukweza kuthamanga kwa magazi, ndipo kawirikawiri mtsempha umapulumuka. Ntchito ya mlondayu ndi kuona ngoziyo isanafike poipa.

Nzeru imeneyi idabwera pang'onopang'ono. Mu 1924 dokotala wa ku Germany, Hans Berger, adajambula koyamba timafunde ta magetsi a mu ubongo wa munthu, kuyeza kumene lero timati EEG. Mu 1973 madokotala a ku France, Vauzelle ndi Stagnara, adafalitsa njira yodzutsa wodwala opaleshoni ili mkati n'kumuuza kuti agwedeze zala za kumapazi. Njirayo idathandiza, koma inkangouza dokotala za mphindi imodzi yokhayo. M'zaka za m'ma 1970 akatswiri a ku America ndi ku Japan adayamba kuyeza mauthenga a mumsana ndi makina opaleshoni yonse, ndipo mu 1980 Merton ndi Morton a ku London adaonetsa kuti ubongo ukhoza kudzidzimutsidwa ndi magetsi kudzera pa chigaza, minofu n'kuyankha.

Nanga mlondayu amachita chiyani kwenikweni? Wodwala akagona, iye amabaya tisingano ting'onoting'ono pamutu, m'manja ndi m'miyendo, n'kutilumikiza ndi timawaya ku kompyuta. Amatumiza kamagetsi kochepa pa kakolo, ndipo uthengawo umakwera mumsana n'kufika ku ubongo pakatha pafupifupi mamilisekondi 40. Kuchokera padzanja umatenga pafupifupi mamilisekondi 20. Milisekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Amatumizanso uthenga kuchokera kumutu kutsikira ku minofu ya miyendo, pofuna kuona ngati njira yoyendetsa ziwalo ili yotseguka. Opaleshoni isanayambe amalemba mmene mafundewo alili. Malamulo amene ambiri amatsata amati funde likatsika ndi theka, kapena likachedwa ndi gawo limodzi mwa magawo 10, mlonda alankhule nthawi yomweyo.

Apa ndiye pagona luso. Mafunde amathanso kutsika pa zifukwa zina. Mpweya wogonetsa umawafooketsa, n'chifukwa chake ogonetsa amakonda mankhwala a mu diripi monga propofol pa maopaleshoni otere. Mankhwala olefula minofu amazimitsiratu yankho la miyendo. Thupi likazizira mauthenga amachedwa. Nthawi zina kasingano kamangosololoka. Tsono mlonda ayenera kusiyanitsa zonsezi mwachangu. Akakuwa popanda chifukwa, amaimitsa opaleshoni pachabe ndipo mawa sadzamumveranso. Akakhala chete pamene panafunika kulankhula, munthu amadzuka wopuwala. Okwera thanthwe la Chambe amakwera awiriawiri, wina pamwamba, wina wogwira chingwe. Wogwira chingwe satchuka, koma akasinza mnzake wapita.

Wophunzira ntchitoyi asayembekezere ulemu m'chaka choyamba. Amafika m'bandakucha madokotala asanafike, kukonza makina ndi kuwerenga fayilo ya wodwala. Miyezi yoyamba amangoonerera, kunyamula mawaya, kuyeza mutu ndi tepi kuti adziwe pobaya, ndi kuloweza mayina a mitsempha ndi minofu. Amaphunzira malamulo a ukhondo a mu fiyeta, chifukwa kukhudza nsalu yophimba wodwala ndi dzanja wamba ndi mlandu waukulu. Opaleshoni ya msana ikhoza kutha maola 6 kapena 8, iye maso ali pa kompyuta. Amalemba buku la maopaleshoni onse amene wakhalapo, popeza mabungwe opereka ziphaso amafuna umboni wotere. Chovuta koposa ndi ichi: mwana wa zaka 24, amene kwawo adaphunzitsidwa kusadula mawu akuluakulu, ayenera kuuza dokotala wa imvi kuti, “Adokotala, taimani kaye, mwendo wakumanzere wasiya kuyankha.” Mawu amenewa amafunika kuwanena mwaulemu, momveka, ndiponso mosazengereza. Makolo, mwana amene mumamulola kunena zoona pakhomo mukumukonzekeretsa kale ntchito ngati imeneyi.

Tsopano njira yake. Chiyambi ndi MSCE yabwino, makamaka Chingerezi, Masamu, Biology, Physics ndi Chemistry. M'mera mpoyamba: mwana wa Fomu 2 amene akuthawa Physics lero akudzitsekera yekha chitseko. Kuno kwathu khomo lolowera ndi maphunziro a zaumoyo amene alipo kale. Kamuzu University of Health Sciences, imene idapangidwa pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing n'kuyamba ntchito mu 2021, imaphunzitsa udokotala, unamwino ndi physiotherapy. Malawi College of Health Sciences, imene ili ndi nthambi ku Lilongwe, Blantyre ndi Zomba, imaphunzitsa makiliniko ofesala, ndipo ena mwa iwo amapitiriza kukaphunzira kugonetsa odwala. Kwa wokonda makina, Malawi University of Science and Technology ku Thyolo, kufupi ndi Mulanje, ili ndi maphunziro a biomedical engineering. Aliyense mwa amenewa amamuyandikiza mwana ku fiyeta.

Maphunziro enieni a ntchitoyi amapezeka kunja. Ku South Africa amalowera pa digiri ya Clinical Technology, n'kusankha nthambi ya neurophysiology, pa sukulu monga Durban University of Technology ndi Tshwane University of Technology, ndipo womaliza amalembetsa ku bungwe la HPCSA. Ku America bungwe la ABRET limapereka chiphaso chotchedwa CNIM kwa amene wakhoza mayeso ndiponso waonetsa maopaleshoni ambiri amene wawalondera.

Wina afunsa kuti, kodi akaphunzira adzagwira kuti? Maopaleshoni a ubongo ndi msana akukula m'dziko muno. Ku Queen Elizabeth kuli gawo la opaleshoni ya ubongo limene Dr Patrick Kamalo walilimbikira kwa zaka zambiri mothandizana ndi madokotala a ku Oslo m'dziko la Norway. Ku Lilongwe, pa Kamuzu Central Hospital, chipatala cha mafupa ndi ubongo chotchedwa LION chidatsegulidwa mu 2023. Tikumbukenso kuti mu 1985 dziko lino lidayamba kuphunzitsa makiliniko ofesala a mafupa pamene madokotala a mafupa adali osowa, ndipo lero amenewa ndiwo akusamala othyoka m'zipatala za m'maboma. Ntchito zatsopano za chipatala zimayamba motero, ndi anthu ochepa olimba mtima. Kuwonjezera apo, wodziwa EEG amathandizanso odwala khunyu, matenda amene m'midzi mwathu muli ambiri ndipo ena amawabisa m'nyumba.

Komabe tichenjezane. Ntchitoyi njosowa, ndipo malo ake ndi ochepa. Mwana ayambe wapeza pepala la ntchito imene ingamudyetse, monga unamwino kapena ukiliniko ofesala, kenaka n'kuwonjezera lusoli pamwamba. Pa intaneti pali anthu olonjeza satifiketi ya masabata ochepa mukawatumizira ndalama. Luso lobaya singano ndi kuwerenga mafunde silibwera popanda kuima mu fiyeta pansi pa mphunzitsi. Musanagulitse ngalawa, ukonde kapena munda, kafunseni ku Medical Council of Malawi ndi ku National Council for Higher Education ngati sukuluyo ndi pepala lake n'zovomerezeka. Safunsa adadya phula. Amene wasankhidwa ku yunivesite koma fizi yavuta, akumbuke kuti kuli bungwe la boma lopereka ngongole kwa ophunzira a sukulu za ukachenjede.

Ana aakazi nawonso asatsalire. Ntchitoyi sifuna mphamvu zonyamula zitsulo. Imafuna maso akuthwa, kudekha ndi kukhulupirika polemba zimene waona, ngakhale zitakhala zosakondweretsa akuluakulu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono inu aphunzitsi a ku Chambe, ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota, awerengereni ana a Fomu 3 ndi Fomu 4 tsamba lino. Inu makolo, mukapita ku chipatala cha boma, pemphani mwaulemu kuti mwana wanu acheze ndi wogwira ntchito ku fiyeta, amve yekha mmene tsiku lawo limayendera. Amene muli ndi mafunso tilembereni kudzera kwa Mkonzi, ndipo tidzayankha m'kope likudzali, mmene tidzakambe za ntchito ya ogonetsa odwala. Wassalaam.