Asiyeni Anyamatawa Atsegule Boneti

Ku America kuli achinyamata a zaka 16 kapena 17 amene amagula chiphakasa cha galimoto chadzimbiri n'kumachidzutsa kuseri kwa nyumba ndi ndalama za ganyu. Amakonda Ford Mustang ndi Pontiac GTO, zomwe zidatuluka mu 1964, kapena Dodge Charger ya 1966: magalimoto aphokoso, ambiri a injini ya V8, omwa petulo ngati chidakwa. Mafuta atakwera mtengo mu 1973 anthu adawafulatira. Lero osungika bwino akugulidwa ndi mpondamatiki, wachinyamata amangotola zotsala.

Ena akuti n'kuseweretsa moyo poti magalimotowa alibe airbag. Apo akunena zoona ndithu. Koma abale, mnyamata akaphunzirira pati umakaniko? Injini yakale imamvera sipanala. Kabuleta umaimasula, kuitsuka, n'kuibwezera wekha. Galimoto yamakono ukaitsegula umakumana ndi kompyuta, ndipo kiyi wake ali ku kampani. Kugula ndi ndalama zako, koma pokonza uzikagwada kwa eni fakitale? Anthu a ku Massachusetts adakana zimenezo: adavota mu 2012, nabwerezanso mu 2020, kuti makampani azipereka zinsinsi zokonzera galimoto kwa mwini wake ndi kwa makaniko wamba.