Ngongole imene akutilonjeza, adzabweza ndani?

Pali lonjezo limodzi limene silisowa pa msonkhano wa ndale. Ofuna mipando akaima pa Golomoti, pa Mua kapena pa Mtakataka, amati achinyamata adzalandira ngongole, amayi adzalandira ngongole, asodzi adzagula injini pa ngongole. Anthu amaomba m'manja ngati alonjezedwa mphatso. Thumba la boma lobwereketsa ndalama lasintha maina, kuchoka pa MARDEF mpaka kufika pa NEEF, koma kuomba m'manjako sikunasinthe. Tisanaponye voti, ndi bwino tifunsane ngati ngongole imam'patsadi munthu chimwemwe.

Chisilamu sichiletsa kukongola. Ndime yaitali kuposa zonse m'Qur'an yolemekezeka, ya 282 mu Surah Al-Baqarah, ndi yonena za ngongole: kuti ilembedwe, nthawi yobweza idziwike, ndipo pakhale mboni. Ngongole yopanda chiwongoladzanja yothandizira wovutika, qardh hasan, ili ndi malipiro kwa Allah. Mwa magulu asanu ndi atatu oyenera kulandira zakaat, limodzi ndi la anthu olemedwa ndi ngongole. Chimene chinaletsedwa ndi riba. Komanso Mtumiki Muhammad (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye) ankapempha chitetezo kwa Allah ku ngongole, ndipo panali nthawi imene sanaswalire janaza ya munthu wangongole kufikira swahaba wina atavomera kuisenza. Ngakhale yololedwa, ngongole ndi katundu.

Kuno kunsi kwa mapiri a Dedza, katunduyu timamudziwa bwino. Mlimi wa mpunga ku sikimu ya Bwanje amakongola pa nthawi imene nkhokwe zatha, kuti agule feteleza ndi kulipira aganyu. Wobwereketsa amati adzatenge matumba a mpunga, ndipo mtengo wa thumba amagwirizana tsiku limenelo, mlimi ali ndi njala. Pokolola, mpunga wake umakwera galimoto iye akuyang'ana. Msodzi amene analandira ndalama ya mafuta kwa wogula usipa sathanso kutsutsa mtengo bwato likafika padoko. Za katapila n'zosachita kufotokoza: pali mabanja amene anataya malata, njinga ngakhale munda, ndipo pali abambo amene anathawira ku Joni osati pofuna ntchito yokha ayi, koma pothawa amene amagogoda pakhomo m'mamawa. Ena mwa obwereketsawo timaima nawo mzere umodzi pa Jumu'ah, ndipo zimenezi ziyenera kutichititsa manyazi.

Komabe ngongole yomweyo yamutukula munthu wina. Mayi amene gulu lake linam'bwereka mpamba wopanda chiwongoladzanja, nagula nsomba n'kukagulitsa ku Lilongwe, amabweza ndipo amagona tulo. Kusiyana kwake kuli pa zimene ndalamayo yakagwira, kuchuluka kwa zimene wabweza, ndi zimene zimam'chitikira mvula ikakana kapena mwera ukatseka nyanja sabata yathunthu.

Dziko nalo limakongola, ndipo apa ndi pamene voti yathu ikukhudzidwa. Mu 2006 Malawi anakhululukidwa gawo lalikulu la ngongole zake zakunja. Sipanathe zaka 20, tabwereranso m'goli. Mu bajeti ya 2025/26, pafupifupi kwacha imodzi pa makwacha anayi alionse inkapita ku chiwongoladzanja chokha, osati ku mankhwala kapena ku sukulu. Boma likamakongola kwambiri ku mabanki a m'dziko muno, mabankiwo saonanso chifukwa chobwereketsa mlimi wa ku Golomoti, popeza boma limalipira bwino ndipo silithawa. Mu 2024 banki yaikulu ya Reserve inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023. Amene sanasainire ngongole ya boma anailipira pogula sopo, shuga ndi feteleza. Lipoti loyeza chimwemwe cha anthu pa dziko lonse la World Happiness Report la 2025 linaika Malawi pa nambala 144 mwa mayiko 147. Sitikuti ngongole yokha ndiyo yachititsa, koma munthu amene sakudziwa mtengo wa ufa wa mawa sangayankhe kuti ali wokondwa. Ngongoleyi siinaunjikidwe ndi chipani chimodzi. Maboma otsatizana anaikapo mtolo wawo.

Bukuli silikukuuzani woti mumuvotere. Likukupemphani kuti wofuna ukhansala, uphungu kapena upulezidenti akatchula ngongole, musafulumire kuomba m'manja. Mufunseni kuti ndalamazo adzazitenga kuti. Mufunseni chiwongoladzanja chake, ndiponso ngati Msilamu wokana riba adzakhala ndi khomo lolowera, monga kugulitsidwa injini kapena feteleza pa mtengo wodziwika wolipira pang'onopang'ono. Mufunseni ngati ngongoleyo idzayang'ana ntchito ya munthu kapena nsalu ya chipani imene wavala. Wofuna uphungu anene poyera ngati adzawerenge bilu yololeza boma kukongola asanavomereze, pakuti mabilu amenewa amadutsa m'Nyumba ya Malamulo, m'manja mwa anthu amene ife timawatuma. Ndipo amene anakhalapo kale pampando atiuze kuti pa mabilu a ngongole amene anadutsa iye ali m'Nyumbamo, anavota bwanji.