Kumeneko Kulibe Anthu

Pa tchuthi chapitachi ndidakacheza kwa mlongo wanga ku Lilongwe. Ndisanatsitse ndi chikwama chomwe, iye adayamba kudandaula. “Achimwene, mumlankhule mphwanuyu. Usiku wonse ali pa kompyuta kumanga tinyumba ta mabokosi. Kapena inu ansembe akumverani.” Ndidavomera, ndipo madzulo ndidakoka mpando nkukhala pambali pa mnyamatayo, ulaliki wanga uli kale pamlomo. Ulalikiwo sindidaulalike, pakuti zimene ndidaona zidanditembenuza, ndipo lero mlandu wanga uli ndi ife akuluakulu.

Maseŵerawo dzina lake ndi Minecraft. Adapangidwa ku Sweden, adatuluka athunthu mu 2011, ndipo kampani ya Microsoft idawagula mu 2014. Woseŵera amakumba miyala, kudula mitengo ndi kumanga chilichonse chimene mtima wake wafuna. Anthu ena aluso amalemba zoonjezera zawo zotchedwa mod, ndipo mphwangayo adaikamo ina ya dzina loti Mekanism. M’menemo munthu amakumba yureniyamu, kumuyenga, nkumanga ng’anjo ya nyukiliya yopatsa magetsi ochuluka. Koma amene adalemba zimenezi sadafune kunyengerera ana. Ng’anjoyo ikasoŵa madzi oiziziritsa imaphulika. Ikamayenda bwino imatulutsa zinyalala zakupha, zimene zimasungidwa m’migolo yapadera momwe zimatha pang’onopang’ono ndithu. Ukaswa mgolo muli zinthu, kapena kudula paipi, cheza chosaoneka chimadzaza dera lonselo, ndipo munthu ndi ziŵeto zomwe amadwala nkufa. Kuti uyandikeko uyenera kuvala chovala chopangira mtovu ndi kunyamula kachipangizo kolira koyezera chezacho.

Mwana wa Fomu 3 adandifotokozera zonsezi mosadodoma. Kodi ndi angati mwa ife, amene timati maseŵeraŵa ngachibwana, angathe kufotokoza chotere za mankhwala a mbozi amene timasunga pansi pa bedi? Ndidakondwa naye. Kenaka ndidafunsa kuti migolo ikadzaza amatani.

Adandionetsa paipi yaitali, yodutsa nkhalango ndi nyanja, yothera kuchigwa china kutali ndi nyumba yake. Kumeneko ndiko amakatulutsira zotsala. Ndidaona timadenga ndi timinda ta tirigu, ndipo ndidafunsa kuti nanga eni ake a timadengato. Iye adaseka nati, “Amalume, kumeneko kulibe anthu. Kuli a m’mudzi basi.”

Mwanayo sadalakwe chilichonse chofuna kulapa. A m’mudzi a m’maseŵerawo ndi zithunzi chabe, alibe mzimu, ndipo sindidzalola munthu kusandutsa nkhaniyi kukhala mlandu wa ana. Chimene chidandilasa mtima nchakuti mau amenewo sadawapeke yekha. Ndi mau akale a anthu ophunzira, ovala mataye, okhala m’maofesi ozizira, ndipo anenedwa pa anthu enieni a magazi ndi mnofu.

Taonani mbiri yake. Yureniyamu wambiri amene Amerika adagwiritsa ntchito popanga mabomba oyamba a 1945 adakumbidwa ku Shinkolobwe, m’dziko la Congo, ndi manja a anthu akuda amene sadauzidwe chimene ankanyamula. Mu Malichi 1979 ng’anjo ya ku Three Mile Island idaonongeka, ndipo dziko lonse lapansi lidamva. Pa 16 Julayi chaka chomwecho, ku Church Rock m’chigawo cha New Mexico, damu losunga zinyalala za mgodi wa yureniyamu lidagumuka, ndipo malita oposa 300 miliyoni a madzi oipa adathamangira mu mtsinje wa Puerco, kumene anthu a mtundu wa Navajo ankamwetsa nkhosa zawo. Ndani mwa inu adamvapo za Church Rock? Kumeneko kudalibe anthu. Kudali a m’mudzi basi.

Koma nkhani imene imandisoŵetsa tulo ndi ya ku Goiânia, m’dziko la Brazil, dziko la Akatolika anzathu. Mu Seputembala 1987 amuna aŵiri otola zitsulo adaloŵa m’chipatala chosiyidwa nkutengamo makina akale ochizira khansa. Mkati mwake mudali kaufa ka caesium-137 kamene kankaŵala mobiriŵira mumdima. Anthu adakakonda, adagaŵana, ena adadzola pakhungu. Kamtsikana ka zaka 6 kadadya chakudya ndi manja okhudza ufawo. Anthu anayi adamwalira m’masabata ochepa, kamtsikanako pamodzi, anthu 249 adapezeka atakhudzidwa, ndipo oposa 100,000 adakaima pamzere kuti ayezedwe. Mwanayo adaikidwa m’bokosi la mtovu, khamu la anthu amantha likuponya miyala kumanda kukana maliro ake. Palibe adaponya bomba pamenepo. Anthu odziŵa adangosiya chinthu chakupha pamalo pamene ankaganiza kuti sipafika munthu, ndipo adafikapo ndi amphaŵi ofuna chitsulo chogulitsa.

Tsono ndili ndi mau kwa magulu aŵiri a m’maparishi mwathu. Oyamba ndi aja amene amati chilichonse cha pa kompyuta nchochokera kwa Satana, choyenera kulandidwa ndi kutsekeredwa m’kabati. Abale anga, mwana amene wakhala sabata yathunthu akuganiza kumene aike zinyalala zake waphunzira chinthu chimene ife tidalephera kumphunzitsa. Kwathu dzala lili kuseri kwa nyumba, ndipo tidazoloŵera kuti chotayidwa kudzala chimaola nkusanduka manyowa. Nzeru imeneyo inkakwana pa masiku a makoko a nthochi ndi madeya. Lero m’dzala lomwelo tikuponyamo mabatire a tochi ndi a sola, mapulasitiki ndi mabotolo a mankhwala, pafupi ndi chitsime chimene timamwa. Amene akulanda kompyutayo ndi yemwenso akutentha mabatire pakhomo pake.

Achiŵiri ndi aja ophunzira amene amanyadira kuti mwana wawo akudziŵa kale sayansi ya nyukiliya. Musafulumire. Maseŵerawo amanena zoona pa chiyambi, koma amabisa zitatu, ndipo nkofunika kholo kuzidziŵa. M’maseŵeramo chovala chimatchinga cheza chonse. Kunja kuno chovala chotere chimangoletsa fumbi loipa kuloŵa m’mphuno ndi kumatirira pakhungu. Cheza cha mtundu wa alpha chimaima ndi pepala, cha beta ndi kachitsulo kopyapyala, koma cha gamma chimapyoza chovala ndi thupi lomwe, ndipo chimafuna mtovu wochindikala, konkire yaikulu kapena madzi akuya. Nchifukwa chake asilikali amene ankachotsa zibuma pa denga la Chernobyl mu 1986 ankaloledwa kukhalapo mphindi zoŵerengeka chabe, ngakhale adadzimangirira zidutswa za mtovu. M’maseŵeramo ukafa umadzukanso pabedi pako. Ndipo wotopa ndi zinyalala angathe kusintha mzere umodzi m’malamulo a maseŵerawo, cheza chonse nkuzimiriratu.

Bodza lalikulu koposa ndi la nthaŵi. Mgolo wa mphwanga umapepuka iye akudya nsima. Caesium-137 amafuna zaka 30 kuti mphamvu yake itsike ndi theka. Plutoniyamu-239 amafuna zaka 24,000. Dziko la Finland lakumba malo otchedwa Onkalo, mamita oposa 400 pansi pa thanthwe, kuti liikemo zotsala za ng’anjo zake m’mitsuko ya mkuwa yokutidwa ndi dongo, ndipo akuti zikhale momwemo zaka 100,000. Taŵerengani, inu a m’Mphakati. Ansembe a Montfort adafika ku Nzama mu 1901, ndipo ife timati nkalekale. Eklezia yenseyo wangokwanitsa zaka pafupifupi 2,000. Nanga ndi chilankhulo chanji chimene tidzalembere chenjezo pakhomo la dzenje limenelo, choti mdzukulu wa zaka 50,000 zikubwerazo adzachimve? Munthu woyatsa getsi lero nkusiyira ngongole yake anthu osabadwa, amene sangakane kapena kuvomera, achita chinthu chofuna chifukwa chachikulu zedi. Papa Fransisko, m’kalata yake ya Laudato Si’ ya 2015, adatchula zinyalala zotere pakati pa zimene zikuipitsa dziko, ndipo adadzudzula khalidwe lathu longogwiritsa ntchito nkutaya, limene limayamba ndi zinthu nkufika pa anthu.

Wina anganene kuti, Bambo, ife tilibe ng’anjo ya nyukiliya, zikutikhudza bwanji? Ng’anjo tilibedi, koma mgodi tili nawo. Ku Kayelekera, m’boma la Karonga, kudatsegulidwa mgodi wa yureniyamu mu 2009. Udaima mu 2014 mitengo itagwa pambuyo pa ngozi ya ku Fukushima ya 2011, ndipo udayambanso ntchito mu 2025 uli m’manja mwa eni ena. Sindikuimba mlandu kampani iliyonse, ndipo sindikunena kuti mgodi utsekedwe, pakuti ndikudziŵa chimene ntchito ndi ndalama zakunja zitanthauza m’dziko losauka. Zotsala za mgodi si zoopsa ngati zotuluka m’ng’anjo, nzoonadi. Koma ufa wachikasu ukakwera galimoto kupita kunja, matope otsalawo amakhalabe ndi gawo lalikulu la cheza chimene chidali m’mwalamo. Muli radium wa zaka 1,600, muli thorium wa zaka 75,000, ndipo mitsinje ya kumeneko imatsikira ku Nyanja ya Malaŵi. Kampani imakhala zaka khumi kapena makumi aŵiri. Boma limasintha pa zisankho. Damu la matopewo lidzayang’aniridwa ndi yani pa mvula ya zaka 200 zikubwerazi, ndipo ndalama zake zasungidwa kuti? Lamulo loona za mphamvu ya atomu tidakhazikitsa mu 2011. Mkhristu wa ku Nsanje kapena ku Mchinji ali ndi ufulu wonse wofunsa phungu wake ngati lamulolo lili ndi mano, ndipo Komiti ya Chilungamo ndi Mtendere ya parishi imene siinakambepo nkhaniyi isadabwe pamene anzathu a ku Karonga adziona ngati a m’mudzi basi m’maso mwathu.

Usiku uja sindidamuuze mphwanga kuti asiye maseŵero. Ndidangompempha kuti achotse paipi ija ndi kumanga migolo yonse pafupi ndi nyumba yake ya m’maseŵeramo, pamene angaione akamatuluka pakhomo. Adaŵiringula kuti ikatero idzamdyera malo onse a munda, ndipo adzayenera kuchepetsa moto wa ng’anjo mpaka theka. Ndidati achite momwemo. M’maŵa mwake mlongo wanga adandifunsa ngati ndamlankhula mwana uja. Ndidati inde, kenaka ndidamfunsa kumene adataya batire lakale la sola limene ndidaliona pakhonde chaka chatha. Adaloza kuseri, cha kumpanda wa anansi.